Pepala Lidafiira pa Chitsime cha Kwathu

Lolemba, 2 Disembala 2013

Ndafika kwathu kwa Kapelula. Matola atisiya pa mlatho chifukwa cha matope, kwinako ndayenda wapansi, chikwama kumsana, kabokosi ka zoyesera madzi pamutu ngati mayi wa mandasi. Zaka zinayi ku yunivesite kuti ndidzasenze bokosi pamutu. Chabwino.

Kabokosiko n'ka bungwe la zamadzi la kuboma komwe sukulu yanditumiza kukaphunzira ntchito. Muli timabotolo, timapepala toyesera ndi mafomu. Ntchito yomalizira digiri yanga ndi kuyesa madzi a zitsime zisanu za m'dambo mwathu nyengo ino yowokera fodya. Ndazitcha C1 mpaka C5. C3 ndi chathu, chili pafupi ndi nazale ya achimwene a Lemani.

Moni wa achimwenewo: "Afika a injiniya a zimbudzi!" Pamaso pa aganyu, kuti onse aseke. Poyamba ankauza mudzi wonse kuti Vera akuphunzira zomanga misewu, adzatikokera phula mpaka pakhomo. Nditawafotokozera kuti wanga ndi uinjiniya wa zachilengedwe, za madzi akumwa, zinyalala ndi zonyansa za m'mizinda, iwo anangomvapo zimbudzi basi. Chaka chachinayi tsopano, nthabwala yake yomweyo. Munthu wamkulu ndi ndevu zake.

Amayi akalamba. Andiona, n'kufunsa ngati ndabwera ndi shuga.

Lachiwiri, 3 Disembala

C1 ndi C2. Zonse bwino, pepala langoyamba kufiira pang'ono.

Azimayi pa C2 anaima ndi ndowa zawo kundionera ngati kanema. Wina: "Kodi akufuna kuona chiyani m'madzimo?" Mnzake: "Mwamuna." Aseka mpaka kugwirana. Mumtima ndimawatukwana mmodzimmodzi ndi maina awo, chifukwa onse ndikuwadziwa.

Alamu a Malita, akazi a achimwene, sitimvana chiyambire. Iwo amati ndimanyada ndi sukulu. Ine ndimati amanunkhiza chipongwe ngakhale pamene palibe. Ndikati "mwadzuka bwanji alamu" amayamba andiyang'ana kumapazi. Koma mwana wawo Fundo, eee, kokongola. Miyezi itatu, masaya ngati zitumbuwa. Alamu anadwala bere mwezi watha, mkaka unachepa, ndiye mwanayo akumuwonjezera madzi ndi kaphala kamadzimadzi. Chilungamo ndinene: amasamala. Ali ndi kapoto ka Fundo yekha, palibe amakakhudza. Madzi amawiritsa kawiri, nthawi yaitali, mpaka atsale theka la poto, monga anawaphunzitsira azaumoyo kusikelo kuti madzi a mwana aziwira. Akatero amasiyira amayi mwanayo, iwo ulendo kumunda kukawokera fodya mpaka dzuwa lipendeke.

Lachitatu, 4 Disembala

C3.

Ndaviika pepala, ndawerenga mpaka 60 monga mwa lamulo. Ndisanafike n'komwe pa 20 linali litafiira kale, psuu, mpaka kuderako. Ndinati mwina pepala n'lowonongeka. Pepala lachiwiri, chimodzimodzi. Pa pepala lachitatu ndinatunga ndekha pakati penipeni pa chitsime. Chimodzimodzi.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu ukhazikike. Chimene ndikuyesa ndi nayitireti, mchere wochokera ku feteleza kapena ku zimbudzi. Malire ake m'madzi akumwa ndi 50. Tchati changa chimathera pa 500, ndipo C3 yadutsa pamenepo. Wamkulu akhoza kumwa osamva kanthu. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi, magazi ake amaleka kunyamula mpweya, limatuwa, limabanika lili chigonere. Ndipo choopsa koposa: kuwiritsa sikuchotsa. Madzi amauluka, mcherewo n'kutsala. Ukawiritsa mpaka theka la poto, waupanga kukhala wowirikiza. Tinaphunzira chaka chachitatu, ndinakhoza bwino mayeso ake, sindinaganizepo kuti ndidzaziona m'kapoto ka kwathu.

Madziwo ukawaona, oyera mbee, ozizira, osanunkha. Chikomekome cha mkuyu.

Ndathamangira kumunda. "Alamu, madzi a pachitsime chathu musampatsenso Fundo. Ndi oipa."

Sanaweramuke n'komwe. "N'chifukwa chake ndimawiritsa."

"Awa ukawiritsa ndiye amaipiratu."

Apo anaimirira, mbande ili m'manja. "Alamu, inu mwaposa azaumoyo? Dziko lonse likuti wiritsani madzi, inu nokha mukuti ayi. Kapena mukufuna mwana wanga atsegule m'mimba kuti mupeze cholemba m'buku lanulo?"

Aganyu anasiya ntchito. Ndinayamba kufotokoza za mchere, ndinadzimva ndekha kuti ndikulankhula ngati mphunzitsi, ndipo nkhope yawo inatsekeka ngati chitseko. Ndinapsa mtima, n'kunena kuti umbuli ndi matenda. Sindinayenera kutero. Koma ndinatero, ndipo mpaka pano theka la mtima wanga likuti anafuna okha.

Chondizunguza: pafupi ndi C3 palibe chimbudzi. Minda ya feteleza ili kumtunda, ndipo C2 ili pafupi nayo kuposa C3. Nanga 500 ikuchokera kuti?

Lachinayi, 5 Disembala

Mamawa ndapita ku mjigo wa kusukulu, makilomita anayi, ndi chigubu pa njinga ya achimwene yopanda mabuleki. Ndawayesa, ndi abwino. Ndaika pakhomo pa alamu: "Awa ndi a Fundo." Pobwera masana ndapeza matewera ali yanikeyanike pa chingwe, chigubu chili gwaa. Achapira. Madzi amene ndagwa nawo kawiri pa njira, achapira matewera.

Ndinalowa kuchipinda kukaluma pilo kuti ndisanene mawu.

Kenako ndabwerera ku C3 kukazungulira. Kumtunda kwake, mapazi khumi okha, kuseri kwa nazale, pali mulu wa udzu wakale wophimbira mbande. Kuzungulira muluwo udzu wamera wobiriwira mochita kuda, koma pafupi penipeni wapsa, wachikasu, ndipo dothi lachita zoyera pamwamba. Ndachotsa udzu, ndasolola ndi mtengo. Saka. Ndakumba ndi manja. Zilembo za feteleza wa makuponi, wachitowe, thumba lili nyowee, likudontha ngati lophwanyika.

Achimwene ndinawapeza m'chigafa akukonza mikangala. Ndinangowaonetsa manja anga.

Poyamba: "Wakutuma ndani kukafukula za eni?" Kenako anatsitsa mawu. Matumba asanu ndi atatu. Anagula kwa nkhalamba ndi amasiye amene analandira makuponi koma analibe mphamvu zolima. Mwezi watha kunamveka kuti apolisi ndi alangizi akusecha m'nyumba ndi m'zigafa kufuna ogula feteleza wa anzawo, ndiye iwo anakumba dzenje m'dambo, poti dothi n'lofewa ndipo palibe amasecha nazale. Anayala pepala lapulasitiki pansi. Mvula itabwera, madzi a m'dambo anakwera kuchokera pansi, dzenje linadzaza. Iwo sanakaonenso. Ankati akafukula nthawi yothira ikakwana.

Mlimi wa zaka makumi awiri m'dambo lomweli, osadziwa kuti madzi amakwera. Ndinawafunsa choncho. Anati, "Ndimadziwa, koma mvula yafulumira."

Ndinawauza za Fundo. Anaseka kaye: feteleza ndi chakudya cha mbewu, sangaphe munthu, ife tonse tikumwa. Nditaumirira anati: "Chabwino. Loweruka ngolo ibwera, ndichotsa zonse. Koma usalembe pa fomu yakoyo. Ukalemba abwera, akabwera andimanga. Ndipo Malita usamuuze. Malume ake ali mu komiti ya makuponi, pakamwa pake ukupadziwa." Potsiriza, monga ndimayembekezera: "Chibale ndi fupa, mchemwali." Lero ndiye ndakhala mchemwali. Zimbudzi zatha.

Ndinavomera. Ndilembe apa kuti ndisadzaname m'tsogolo: ndinavomera. Ndinati mpaka Loweruka, ndipo madzi a mwana ndizitunga ine.

Khoswe wakhala pa mkhate. Ndikumuona, ndodo ndili nayo, koma mkhatewo ndi wa amayi anga.

Lachisanu, 6 Disembala

Kuboma kukapereka mafomu a sabata ino. Ndisananyamuke ndatunganso chigubu ku mjigo, ndachiika m'nyumba mwa amayi, ndawapempha kuti phala la mwana liziphikidwa ndi amenewa. Anati "eya, eya" wa munthu amene akufuna uchoke.

Wondiyang'anira ku bungwe ndi a Raymond. Anamaliza maphunziro omwewa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Nsapato yawo ya kumanzere yayasama, ofesi yawo munali mosungiramo katundu, pakhoma pali mapu a zitsime odyedwa ndi chiswe. Ndikawaona ndimaona ine wa mawa, ndipo mtima umandiwawa. Anandiwerengera anzawo a m'kalasi: wina ali ku mgodi, amasaina kuti mtsinje uli bwino, wanenepa. Awiri ali kumadzi a m'tauni. Wina amalemba malipoti a zachilengedwe a makampani omanga, lipoti limodzi lomwelo amangosintha dzina la mudzi. Wina anathawira ku Joni, amayang'anira malo otayira zinyalala. Mtsikana amene ankakhoza kuposa onse akugulitsa kaunjika.

"Nanga inu munatsaliranji kuno?"

Anati, "Wina ayenera kutsala. Ntchito yathuyi, asisi, ndi kuuza anthu zimene sakufuna kumva, iwo n'kukuda, iwe n'kukagona."

Ndinadana nawo kwambiri pa mawu amenewo, chifukwa fomu inali m'manja mwanga ndipo bokosi la C3 linali lopanda kanthu.

"C3 bwanji?"

"Mapepala ananyowa. Ndibwereza Lolemba."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kunena kuti ndikumbukire lamulo: nambala ikadutsa malire, timaimba foni tsiku lomwelo, osati kudikira fomu. Ndinati ndikudziwa. Bodza langa loyamba la ntchito, ndisanalandire n'komwe digiri. Latuluka mosavuta, ngati mate.

Pofika kunyumba chigubu chinali chatheka. Amayi akuti alendo anabwera, anamwa. Kapoto ka Fundo kanali pamoto. Ndinafunsa kuti madzi ake ndi ati. Alamu: "Madzi."

Loweruka, 7 Disembala

Ngolo sinabwere. Mvula yagwa, achimwene akuti tsiku la chinyezi silitayidwa, onse kumunda. "Lolemba."

Ndinati ndikafukule ndekha. Thumba limodzi lonyowa sindinathe n'kulisuntha komwe, linangong'ambika, madzi ake oyera n'kutsetsereka kulowera kuchitsime. Ndawonjezera. Zikomo kwambiri, a injiniya.

Lamulungu, 8 Disembala

Kutchalitchi. Nkhani yafalikira kuti Vera akufuna chitsime chitsekedwe kuti bungwe lake lipeze projekiti, iye apeze ntchito. Amayi ena a chigwirizano anandipatsa moni ndi nsonga za zala. Ena akuti sukulu ikachuluka imazunguza mutu. Ndinawauza awiri amene ali ndi makanda kuti asatunge pa C3. Mmodzi anati, "Mutikumbira china kodi?" Chifukwa chenicheni sindinachinene, ndiye mawu anga anali ngati nyumba yopanda maziko. Ndani angakhulupirire kuti madzi oyera chonchija ndi oipa popanda choipitsa?

Achimwene anaimba nawo kwaya ya abambo. Mawu okweza kuposa onse.

Masana ndinapeza alamu akuzizitsa madzi a m'kapoto. Ndinaviikamo pepala pamaso pawo. Linada nthawi yomweyo. Ndinatenga kapotoko n'kukhuthulira pansi.

Sindinawaonepo atakwiya choncho. "Mwakhudza poto wa mwana wanga! Muzikabereka wanu, mukamumwetse mapepala!" Amayi anabwera, osafunsa n'komwe, anati ndipepese. Achimwene anali pakhonde akusenda nzimbe. Ndinawayang'ana, nenani, nenani tsopano. Anayang'ana nzimbe.

Mawu anali pamlomo. Matumba, dzenje, zonse. Ndinameza. Ndinati Lolemba ndi mawa lomweli.

Fundo lero akungogona. Akayamwa pang'ono akutopa. Amayi akuti ndi mwana wofatsa ngati bambo ake ali wakhanda.

Lolemba, 9 Disembala

Ndikulemba pa benchi la kuchipatala.

Mamawa ndili pa njira ya ku mjigo ndinamva kukuwa kwa alamu. Fundo anali atatuwa, milomo ndi zikhadabo zachita bii, akupuma mothamanga ngati kamwana ka nkhuku. Sankalira. Amayi ankati tiitane akulu a mpingo. Ndinawakalipira amayi anga, koyamba m'moyo wanga. Njinga zamoto ziwiri, alamu ndi mwana kutsogolo, ine ndi achimwene pambuyo. Ndinali nditagwira chitsulo cha kumbuyo kuti ndisakhudze msana wawo.

Kuchipatala anamuika pa mpweya, koma mtundu sunabwerere. Adokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anatenga magazi. Anatuluka oderako ngati tiyi wopanda mkaka. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti mwana wamwa chiyani, mankhwala achikuda kapena chiyani.

Alamu akulira: "Palibe, adokotala. Bere, kaphala ndi madzi owiritsa basi. Ndimawiritsa kawiri. Mulungu ndi mboni, ndimawiritsa kawiri."

Apo ndinalankhula. Ndinati ndine wophunzira za madzi, chitsime chathu nayitireti wadutsa 500, ndipo m'kapoto ka mwana ndi woposa. Adokotala sanadikire kuti ndimalize, anatuma nesi kuthamangira mankhwala ena ake a buluu. Akubaya anafunsa osandiyang'ana: "500? Pafupi pali chiyani?"

Achimwene anali pakhomo la wodi, chipewa m'manja. Ndinanena. Matumba asanu ndi atatu a feteleza, okwiriridwa mapazi khumi kuchokera pachitsime.

"Anakwirira ndani?" Ameneyo anali alamu.

Anatembenuka, anaona amuna awo, anamva.

Adokotala: "Inu munadziwa liti?"

"Za madzi, Lachitatu. Za matumba, Lachinayi."

"Lero ndi Lolemba," anatero, n'kupitiriza ntchito yawo. Bola akanandimenya.

Patapita ola, milomo ya Fundo inayamba kufiira. Analira. Sindinamvepo kulira kokoma chonchija.

Alamu anatuluka panja pomwe ndinakhala. Ndinaganiza kuti andilavulira. Analankhula motsitsa, ndiye zinapweteka kwambiri. "Munandiuza kuti madzi ndi oipa. Munandiuza kuti ndine mbuli. Chimodzi chokha chimene ndikanamva, chakuti bambo ake akwirira feteleza pachitsime, chimenecho munasungira achimwene anu. Feteleza ndimamudziwa, alamu. Amandiwotcha m'manja chaka chilichonse. Mukanangonena."

Anabwerera m'wodi kwa mwana.

Achimwene asowa. Akuti anatuluka kukagula sopo.

Lachiwiri, 10 Disembala

Ndalemba fomu. C3: kuposa 500. Gwero: feteleza wokwiriridwa. Tsiku loyesa: 4 Disembala. Ndinaima nthawi pa tsikulo, cholembera chili m'mwamba, chifukwa 9 akanandipulumutsa. Ndalemba 4.

A Raymond anawerenga, anavula magalasi. "Mapepala ananyowa, eti?" Anati ayenera kulembera kusukulu kuti ndinabisa zotsatira masiku asanu, ndipo sakudziwa kuti akuluakulu akumeneko adzati chiyani za digiri yanga. Ndinati lembani. Ndinanena mwaukali, ngati olakwa ndi iwo. Anandipatsa mpando ndi kapu ya madzi, zomwe zinandikwiyitsa koposa.

Fundo akuyamwa. Nesi wina akuthandiza alamu kuti mkaka ubwerere. Ndinapita ndi nthochi, alamu anazikana, analandira amene anagona bedi loyandikana ndi lawo.

Lachitatu, 11 Disembala

Galimoto ya bungwe, azaumoyo awiri, alangizi, ndi apolisi pambuyo. Mudzi wonse m'dambo. Afukula. Mwa matumba asanu ndi atatu aja, atatu okha ndiwo anali ndi kanthu, nako phalaphala. Asanu anali masaka opanda kanthu, feteleza yense tamwa ife. Nkhalamba ina imene inagulitsa kuponi yake inaima pamenepo n'kumangoti, "Mayo, mayo, chakudya cha chaka chonse."

Achimwene anawapeza kwa anzawo kutsidya. Podutsa pafupi nane atamangidwa unyolo anati, "Wakondwa, injiniya?" Ndinati, "Mwana wanu ali moyo." Sindikudziwa ngati anamva.

C3 aphimba ndi malata akale ndi minga. A Raymond akuti mpaka miyezi ingapo, mwina chaka. Mabanja makumi atatu tsopano azikatunga ku mjigo wa kusukulu, nyengo yomwe aliyense akufunika kumunda. Azimayi akudutsa pakhomo pathu ndi ndowa pamutu, ndipo aliyense akafika pa mtengo wa mango amakweza mawu. "Ena anapita kusukulu kukaphunzira kumangitsa abale." "Sukulu yotseka zitsime." Palibe ndi mmodzi yemwe watchula dzina la amene anakwirira matumba. Iye ndi mlimi wolimbikira amene wachita tsoka. Mfiti ndine.

Ndikuwada. Ndilembe poyera, buku ndi langa: ndikuwada onse, ndi ndowa zawo. Ndipo mawa ndikayesa C4 ndi C5 zomwe ana awo amamwako.

Lachinayi, 12 Disembala

C4 bwino. C5 bwino. Pa C5 wina anabisa chingwe chotungira nditangofika. Ndinamangirira botolo ku mpango wanga.

Amayi sakundilankhula. Chakudya akuika pakhomo la chipinda changa ngati cha wodwala chifuwa chachikulu. Madzulo ano ndawamva akuuza mlendo kuti anabereka mwana mmodzi.

Fodya wowokeredwa theka. Aganyu abalalika. Mbande zikukulira mu nazale.

Loweruka, 14 Disembala

Alamu atuluka m'chipatala. Sanafike kuno. Apita kwawo kwa Njombwa ndi mwana, malume awo abwera ndi ngolo kudzatenga katundu. Anatenga ndi kapoto komwe. Amayi anakhala pa mkeka osadzuka, ndipo ngolo itachoka anandiyang'ana koyamba chiyambire Lachitatu. Anati, "Watsala ndani amene sunam'chotse pakhomo pano?"

Ndalongedza. Ndikakhala kuboma, kwa mnzanga wa kusekondale amene amaphunzitsa kumeneko.

Lachiwiri, 17 Disembala

Ku ofesi. Kalata ya kusukulu a Raymond atumiza dzulo. Anandiwerengera asanatumize: zonse zilimo, masiku asanu aja, komanso kuti tsiku lenileni ndinalemba ndekha. Yankho mwina Januwale. Achimwene atuluka pa belo, mlandu mwezi wamawa. Sanandifune, sindinawafune.

Cha m'ma leveni mlonda anati pali mayi akukufunani panja. Ndinatuluka. Alamu, atakhala pa khonde, Fundo kumsana, miyendo ili fumbi ndi matope. Achokera kwa Njombwa mamawa. Mwana wanenepa kale, anandigwira chala.

Ndinati, "Mwaswera bwanji, alamu." Sanayankhe moni. Anamasula jumbo, anatulutsa botolo la mafuta ophikira, lotsukidwa bwino, lodzaza madzi, lotsekedwa ndi kapepala ndi mphira.

"A pachitsime cha kwathu. Ndatunga ndekha, pakati, monga munkachitira inu." Anaika pansi pakati pathu. "Sindinakukhululukireni, musaganize. Koma mwana ayambanso phala mwezi wamawa, ndipo ine maso anga saona za m'madzi. Yesani. Ngati ndi oipa mundiuze lero. Osati Lolemba."

Ndinalowa kukatenga kabokosi. Ndinagwada pa khonde pomwepo, anthu a mu ofesi akusuzumira pa windo. Ndinathira m'kabotolo, ndinaviika pepala. Ndinayamba kuwerenga chamumtima, koma iwo anati, "Mokweza." Tinawerenga tonse mpaka 60.

Loyera.

Ndinawaonetsa pa tchati, apa ndi pomwe pali anu, apa ndi pamalire, apa ndi pomwe panali C3. Anayang'anitsitsa, anaika chala pa malo atatu onsewo. Kenako anandilanda pepalalo, analikulunga pa ngodya ya chitenje n'kumanga mfundo ziwiri. Anatola botolo lawo, anakweza mwana kumsana.

Atafika pa geti anatembenuka. "Kwathu zitsime zilipo zinayi. Makanda asanu ndi awiri. Mubwere Lachisanu, ndikakudikirani pa siteji."

Sanadikire kuti ndiyankhe.